Kuphunzira Chingerezi kunja kwa kalasi pakati pa achinyamata a ku Kauma

Kuphunzira Chingerezi kunja kwa kalasi ndi njira zonse zimene munthu amadziwira chilankhulochi popanda mphunzitsi woima pa bolodi: kumvera wailesi ndi nyimbo, kuonera mpira ndi mafilimu, kulemberana mauthenga pa foni, kuwerenga nyuzipepala kapena buku lobwereka, ndiponso kucheza ndi anthu amene amachilankhula. Ku Kauma, dera lina la mumzinda wa Lilongwe, achinyamata a zaka 13 mpaka 19 amamva Chingerezi chambiri tsiku lililonse, koma mipata yoti achilankhule okha kapena kuwerenga nkhani yaitali ndi yochepa. N'chifukwa chake wachinyamata angathe kutsatira bwinobwino woulutsa mpira wa ku England, koma n'kusowa poyambira akapatsidwa chimangirizo cha mayeso.

Kauma ndi malo a Chingerezi

Kauma ndi dera lokhala anthu ambiri mothithikana, limene linakula popanda mapulani a khonsolo ya mzinda. Lili pafupi ndi kumayadi kwa Area 12 ndi Area 43, komanso si kutali ndi City Centre kumene kuli maofesi a boma, mabanki, akazembe a mayiko ndi mabungwe akunja. Lilongwe unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'madera ngati Kauma, Mgona, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, kumene chilankhulo cha pakhomo, pamsika, pachigayo ndi m'minibasi ndi Chichewa.

Pa malamulo, Chingerezi si chilankhulo chachilendo m'Malawi. Ndi chilankhulo cha boma, makhoti akuluakulu ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti phungu azitha kuchilankhula ndi kuchiwerenga. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Koma kwa mwana wokulira ku Kauma, Chingerezi chimakhala ngati chachilendo ndithu, chifukwa angathe kudzuka, kugula mandasi, kutunga madzi pa kiyosiki, kusewera mpira ndi kugona osafunika kunena chiganizo ngakhale chimodzi cha Chingerezi.

Chimene chimasiyanitsa Kauma ndi mudzi wa kutali ndi tauni n'chakuti Chingerezi chili pafupi, kuseri kwa mpanda. Anthu ambiri a m'derali amagwira ntchito kumayadi ngati alonda, ophika, osamalira maluwa ndi olera ana. Madzulo ena amabwera ndi nyuzipepala zakale, mabuku amene ana a abwana anasiya kuwerenga, ngakhalenso mawu amene anamva kuntchito. Achinyamata ena amapita okha kumeneko kukagwira ganyu pa holide. Chingerezi cha kuntchito koteroko n'chachifupi, cha kulamula ndi kuyankha, komabe kwa ena ndi koyamba kulankhula ndi munthu amene sadziwa Chichewa.

Chifukwa chimene nkhaniyi ilili yaikulu

M'Malawi, Chingerezi ndicho chimatsegula kapena kutseka khomo la sukulu. Mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo amene wakhoza bwino ndiye amasankhidwira ku sekondale. Pa mayeso a MSCE a ku Fomu 4, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Kuti munthu alowe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, ndipo imodzi iyenera kukhala ya Chingerezi.

Sukulu payokha yavutika kupereka Chingerezi chokwanira mayeso oterewa. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi, mabuku ndi zipinda sizinakwanire. M'kalasi ya ana oposa 100, mwana mmodzi angathe kutha sabata yonse osaitanidwa kuyankha funso. Mu 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linasintha zimenezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito kuyambira Sitandade 1. Komabe m'makalasi ambiri aphunzitsi amasakaniza ndi Chichewa kuti ana amve. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, amene anayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi anali pansi penipeni pa kuwerenga, moyandikana ndi Zambia.

Choncho zimene wophunzira amachita akaweruka si zongowonjezera. 

Mpira, mafilimu ndi nyimbo

Malo amene Chingerezi chimamvekera kwambiri ku Kauma ndi m'nyumba zoonetsera kanema, zimene anthu amangoti vidiyo sho. Panja pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko masewero a tsikulo, ndipo m'kati anyamata amadzazana pa mabenchi kuonera ligi ya ku England pa SuperSport. Mpira ndi mphunzitsi wabwino pa chifukwa chimodzi: zimene woulutsa akunena zimaoneka nthawi yomweyo. Akanena kuti mpira wagunda mtengo wa golo, woonera waona kale ukugunda, ndipo mawu ndi tanthauzo zimalowa pamodzi. Mawu omwewo amabwerezedwa sabata ndi sabata kwa miyezi 9 ya ligi. Anyamata amatsanzira mawu a oulutsa otchuka ngati Peter Drury akamasewera mpira wachikulunga pabwalo, ndipo potero amayeserera katchulidwe ndi kakwezedwe ka mawu popanda wowaseka. Vuto lake n'lakuti mawu a mpira ndi a mpira basi. Sathandiza kwenikweni pofotokoza mmene mbewu imamerera kapena chimene chinayambitsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Mafilimu anasintha. Kale oonera ankalimbana ndi Chingerezi cha filimu ya ku America kapena ya ku Nigeria mpaka atamva nkhani yake. Masiku ano mafilimu ambiri a m'mavidiyo sho ndi a m'mamemori khadi ndi omasuliridwa m'Chichewa: womasulira amatsitsa mawu a ochita sewero n'kumalankhula yekha, kwinaku akuthira nthabwala ndi mayina a malo a kuno. Anthu amasangalala nawo kwambiri, ndipo ndi luso palokha, koma wophunzira Chingerezi sapindula kanthu chifukwa mawu oyambirira aja samveka. Zimenezi zimaonekanso ku Ulaya. Ku Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands mafilimu amaonetsedwa m'Chingerezi ndi mawu olembedwa m'munsi, pamene ku Germany, France, Italy ndi Spain amaikamo mawu a chilankhulo chawo, ndipo mayiko a gulu loyambalo amadziwika kuti achinyamata awo amamva Chingerezi bwino.

Nyimbo zimafika kwa aliyense, ngakhale amene alibe foni, chifukwa zimalira m'mashopu, m'malo ometera ndi m'minibasi. Pa timashopu tobenera nyimbo, wachinyamata amapereka memori khadi n'kuikiridwa nyimbo zambirimbiri pa mtengo wochepa. Oimba a m'Malawi monga Tay Grin ndi Patience Namadingo amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo kusakanizako kumathandiza womvera kugwira tanthauzo. Nyimbo za Davido, Wizkid ndi Burna Boy zili ndi Chipijini cha ku Nigeria ndi Chiyoruba chambiri, za dancehall zili ndi Chipatwa cha ku Jamaica, ndipo wachinyamata sadziwa nthawi zonse pamene Chingerezi cha m'buku chathera. Ambiri amaloweza nyimbo yonse osamva theka lake.

Wailesi ndi tchalitchi

Wailesi ya MBC, Zodiak imene inayamba mu 2005, ndi zina zimaulutsa nkhani m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Amene wamva nkhani m'Chichewa n'kuzimvanso m'Chingerezi amakhala akudziwa kale zimene zikunenedwa, choncho khutu lake limangofunafuna mawu. BBC World Service imamvekanso pa FM mu Lilongwe. Achinyamata ambiri sakonda nkhani, koma m'nyumba imene bambo kapena agogo amatsegula wailesi madzulo alionse, ana amazimva afune asafune.

Njira yofanana ndi imeneyi, imene anthu saiganizira kawirikawiri, ndi ya kutchalitchi. M'mipingo yambiri ya Chipentekoste mlaliki amanena chiganizo m'Chingerezi, womasulira n'kuchibwereza m'Chichewa, ndipo amatero kwa ola lathunthu kapena kuposa. Wokhala pa benchi amalandira ziganizo mazanamazana, chilichonse ndi tanthauzo lake pambuyo pake. Wachinyamata amene wayamba kuthyakula amapemphedwa kumasulira pa mapemphero a achinyamata, ndipo ntchito imeneyi imamukakamiza kuganiza msanga m'zilankhulo ziwiri anthu akumuyang'ana. Mipingo ngati CCAP ndi Katolika imakhala ndi mapemphero a Chingerezi m'matchalitchi ambiri a m'tauni. Amene ali ndi Buku Lopatulika ndi Baibulo la Chingerezi angathe kuziika pamodzi n'kumayerekeza ndime ndi ndime, ndipo m'nyumba zambiri amenewa ndiwo mabuku okhawo aakulu.

Foni

Foni ndiyo yasintha zinthu kwambiri, chifukwa ndi pokhapo pamene wachinyamata amayenera kuyankha. Pa WhatsApp ndi Facebook amalemba, kufunsa, kutsutsana za mpira ndi kufunsira chibwenzi, kawirikawiri mosakaniza zilankhulo ziwirizi. Magulu a WhatsApp a ophunzira a Fomu 4 amatumizirana mapepala a mayeso akale ndi manotsi. Pa YouTube ndi TikTok pali aphunzitsi a Chingerezi osawerengeka, ndipo dikishonale imene kale inali ya mulaibulale tsopano imalowa m'foni.

Koma foni yamakono si ya aliyense. Achinyamata ambiri amabwereka ya mayi, ya mchimwene kapena ya mnzawo kwa mphindi zochepa. Mabandulo otchipa a Airtel ndi TNM ndi a WhatsApp ndi Facebook, pamene kanema amadya bandulo msanga. Pa kalembera wa 2018, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale m'tauni muli bwinoko, nyumba zambiri za lendi ku Kauma zilibe magetsi, moti kutchaja foni nakonso n'kolipira. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha COVID-19, mpaka kuyamba kutsegulidwa mu September chaka chomwecho, kusiyana kumeneku kunaonekera poyera: ena ankaphunzira pa intaneti, ena ankadalira maphunziro a pa wailesi, ndipo ena anangokhala.

Chingerezi cha pa foni chili ndi khalidwe lake. Mawu amafupikitsidwa, zizindikiro za m'kalembedwe zimasiyidwa, ndipo palibe amene amakonza mnzake. Aphunzitsi amadandaula kuti kalembedwe kameneka kamalowa m'zimangirizo.

Kuwerenga

Pa njira zonse, kuwerenga ndiko kumapereka mawu amene mayeso amafuna, ndipo ndiko kumasowa kwambiri. Mayeso a Chingerezi a MSCE ndi olemba okhaokha: galamala, chimangirizo, kumvetsa nkhani, kufupikitsa nkhani ndi mabuku a zolembalemba. Palibe pepala la kulankhula. Wophunzira wolankhula mothyakula koma wosawerenga angathe kupitiriridwa ndi mnzake wachete amene amatha buku limodzi pa sabata.

Likulu la National Library Service lili ku City Centre, mtunda woti wa ku Kauma angathe kuyenda wapansi kapena pa kabaza. Ambiri amene amapitako amakawerenga manotsi a mayeso, osati nthano. Mabuku akale amagulitsidwa m'mbali mwa misewu mu Old Town, ndipo buku limodzi limayenda m'manja ambiri mpaka chikuto kuthothoka. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times n'zodula kwa banja la ku Kauma, koma yakale imene yachokera kumayadi, kapena chidutswa chokulungira chipisi, chimawerengeka ndithu.

Chitsanzo chodziwika bwino cha m'Malawi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anabadwa mu 1987. Atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, ankabwereka mabuku mulaibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya kwawo. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankayang'ana zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansi, monga lotchedwa Using Energy, n'kumalumikiza mawu ndi zimene akuona. Anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka pafupifupi 14. Pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2007 analankhula Chingerezi chodukizadukiza, koma mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Chimene chinamukoka si Chingerezicho ayi, koma magetsi, ndipo chilankhulo chinabwera chifukwa panali chinthu chimene ankafuna kudziwa.

Zimene ofufuza anapeza

Stephen Krashen wa ku America anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu amadziwa chilankhulo akamamva kapena kuwerenga zinthu zimene akuzimvetsa, zokhala ndi zachilendo pang'ono chabe, ndiponso kuti mantha amatsekereza kuphunzirako. Mfundo imeneyi imasonyeza chifukwa chake mpira ndi ulaliki womasuliridwa zimagwira ntchito, pamene nyimbo yothamanga siigwira. Merrill Swain wa ku Canada anawonjezera mu 1985 kuti kumva kokha sikukwanira: munthu amazindikira zimene sadziwa pamene akuyesa kulankhula kapena kulemba yekha.

Pia Sundqvist wa ku Sweden, amene anatchukitsa dzina lakuti extramural English, anafufuza ophunzira 80 a zaka 15 ndi 16 pa kafukufuku wake wa 2009 ku Karlstad University. Anapeza kuti amene ankakhala nthawi yaitali ndi Chingerezi kunja kwa sukulu ankadziwa mawu ambiri ndi kulankhula bwino, koma njira zake sizinali zofanana mphamvu. Masewero a pa kompyuta, intaneti ndi kuwerenga, zimene zimafuna kuti munthu achitepo kanthu, zinathandiza kuposa kumvera nyimbo ndi kuonera kanema. Ku Kauma zinthu n'zotembenuka: zimene zimapezeka mosavuta ndi zongomvera, ndipo zofuna kuchitapo kanthu ndi zimene zimadula.

Jim Cummins anasiyanitsa chilankhulo chochezera ndi chilankhulo cha maphunziro. Pa ana a anthu osamukira ku Canada, chochezera chinkabwera m'zaka ngati 2, koma cha maphunziro chinkatenga zaka 5 mpaka 7, ngakhale anawo ankakhala pakati pa Chingerezi tsiku lonse. Paul Nation wa ku New Zealand anawerengera mu 2006 kuti munthu amafunika mabanja a mawu 6,000 mpaka 7,000 kuti amve zolankhulidwa popanda thandizo, ndi 8,000 mpaka 9,000 kuti awerenge nyuzipepala kapena buku la nthano. Banja la mawu ndi liwu limodzi pamodzi ndi ana ake, monga help, helped, helpful ndi helpless. Palibe mphunzitsi amene angaphunzitse mawu ochuluka chonchi limodzilimodzi pa bolodi.

Kafukufuku wa Eddie Williams m'zaka za m'ma 1990 anakhudza Malawi mwachindunji. Anayerekeza ana a m'Malawi, amene ankaphunzira m'Chichewa zaka 4 zoyambirira, ndi a ku Zambia, amene ankayamba ndi Chingerezi. Pa kuwerenga Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni, koma ana a m'Malawi ankawerenga chilankhulo chawo bwino kwambiri kuposa anzawowo. Zimenezi zimatsutsa maganizo ofala akuti Chichewa ndicho chimalepheretsa mwana kudziwa Chingerezi.

Zimene khutu lokha silikonza

Pali zolakwika zina zimene zimachokera ku kapangidwe ka Chichewa, ndipo sizichoka ndi kumvera kokha. Chichewa chili ndi mavawelo 5, choncho mawu ngati ship ndi sheep, kapena hat, hut ndi heart, amamveka ofanana. Malembo l ndi r sasintha tanthauzo la liwu m'Chichewa, koma m'Chingerezi pray ndi play ndi zinthu ziwiri. Phatikizo la Chichewa limathera pa vawelo, n'chifukwa chake book anakhala buku ndipo school anakhala sukulu, ndipo lilime limafuna kuchita chimodzimodzi ndi mawu ena onse. Liwu lakuti iye limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, motero he ndi she zimasinthanitsidwa ngakhale ndi anthu ophunzira. Timawu a ndi the tilibe anzake m'Chichewa, ndipo polankhula mothamanga sitimveka n'komwe. Zoterezi zimafuna kuziona zitalembedwa, kapena munthu wokonza.

Palinso mawu a Chingerezi amene analowa m'chilankhulo cha achinyamata a m'tauni n'kusintha tanthauzo kapena kamvekedwe. Francis Moto analemba za chilankhulo chatsopano chimenechi mu 2001, ndipo ofufuza ena amachitcha Chibrazi. Wochilankhula angaganize kuti liwu limene amalidziwa pa msewu lili ndi tanthauzo lomwelo m'buku.

Manyazi ndi kusiyana kwa mwayi

Chopinga chachikulu pa kulankhula ndi anzako. Wolakwitsa amasekedwa kuti ndi wa Chizungu chothyokathyoka, ndipo wochita bwino amanenedwa kuti akudzimva kapena akulankhulira m'mphuno ngati wa kumayadi. Pakati pa ziwirizi ambiri amasankha kukhala chete. Sukulu zina zimalanga wolankhula Chichewa pa bwalo la sukulu, koma chilango chotere chimangochititsa ana kunong'onezana. Kumene manyazi amachepa ndi m'timagulu ta anthu odziwana: anzawo atatu kapena anayi owerengera limodzi mayeso, makalabu a mtsutso ndi zisudzo, magulu a SCOM ndi YCS, ndiponso makalasi olipira a madzulo ndi a pa holide amene anthu amati pati taimu.

Mwayi umasiyananso pakati pa anyamata ndi atsikana. Vidiyo sho, makamaka usiku wa mpira, ndi malo a amuna, ndipo makolo ambiri salola mtsikana kulowamo. Akaweruka kusukulu, mtsikana amayembekezeredwa kutunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake, pamene mlongo wake ali ku bwalo kapena pa foni. Makolo ena amakana kuti mwana wamkazi akhale ndi foni poopa zibwenzi. Chingerezi cha atsikana ambiri chimachokera ku kwaya, ku wailesi imene imalira akugwira ntchito za pakhomo, ku masewero a pa kanema m'nyumba ya oyandikana nawo amene ali ndi magetsi, ndi ku mabuku a nthano amene amabwerekana m'kalasi.